Zikepe Ziwiri, Chingwe Chimodzi

Ku Valparaíso ndimayendetsa chikepe cha paphiri.
China chikamakwera, chinzake chimatsika.
Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikumvetsera chingwe,
chikalira mwachilendo ndimadziwa msanga.
Za m'nyumba mwanga ndiye ndinazimva mochedwa.

Amaranta ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Liwu loti chisoni silinamukwanebe m'kamwa,
choncho amati, "Ababa, m'mimba."
Lolemba m'mimba, Lachiwiri mutu,
Lachitatu akuti nsapato zikumuluma,
analira mpaka tiyi anazizira, basi n'kutisiya.
Anamupima kawiri, sanapeze kanthu.
Usiku amagwira lamba wanga ngati ndikufuna kuthawa.
Nyumba za paphiri pathu, zachikasu, zofiira, zobiriwira zija,
iye wazipaka zonse ndi pensulo yakuda,
galu wathu n'kumujambula wopanda miyendo.
Ndinati n'chibwana, chitha.

Gaspar ali ndi khumi, zisanu ndi chimodzi.
Mawu ali nawo, koma anawakhomera kuchipinda.
"Ndili bwino," limatero thabwa la chitseko.
Amagona dzuwa lili pamutu,
pakati pa usiku nkhope ili mbuu ndi kuwala kwa foni.
Nsapato za mpira zachita nkhungu pakhonde.
Anzake anaimba mluzu pawindo milungu iwiri, kenako analeka.
Tsiku lina akutsuka mbale anangoti,
"Kodi ndikanapanda kubadwa, bwenzi chitasintha n'chiyani?"
madzi ali chiyendere pampopi.
Ndinati ndi ulesi wa anyamata a masiku ano.
Ndinatero ine, ndi pakamwa pangapa.

Adokotala a Quilodrán sanandikalipire.
Anavula magalasi n'kunena kuti,
"Nthenda ndi imodzi, bambo, yovutika maganizo.
Wamng'onoyu ikumulankhulira m'thupi.
Wamkuluyu akudziwa kubisa, ndiye musamutalikire."

Tsopano Lachinayi lililonse timatsika atatu.
Amaranta amakaumba zidole ndi mayi wa pachipinda chachitatu,
Gaspar amalowa yekha, ine ndimawerenga matailosi.
Sabata yatha pobwerera chifunga chinaphimba doko,
sitima zikungomveka kulira kwake.
Mwana anati m'mimba mwayambanso.
Ndisanatsegule pakamwa, mkulu wake anagwada,
namubereka kumsana masitepe onse mpaka kwathu.
Sanalankhulane.
Atafika anakhomanso chitseko chake,
koma kiyi sindinamumve akutembenuka.
Mwina sindinamvetsere bwino.
Ndinaima pamenepo, mbale ya supu ili m'manja.