Bokosi la Lachiwiri

Ku Katoto, kuseri kwa sitolo ya mbewu,
kunali chipinda chopanda jekeseni,
chopanda sikelo, chopanda fungo la mankhwala.
Mphasa imodzi. Beseni la dongo lonyowa.
Zitsekerero za mabotolo m'chitini cha mkaka.
Ndi a NyaHarawa, juzi mpaka m'khosi,
atakhala pansi ngati alendo a mwana.

Anthu ankati: kodi sukulu yonse ija
ya kutsidya kwa nyanja zamchere
anakangophunzira kuumba ng'ombe zadothi?
Mwana sadwala maganizo, ankatero,
akalira lero, mawa waiwala.
Iwo ankangopukuta magalasi.
Anali ataphunzitsapo sitandade wani zaka zisanu ndi zinayi
n'kuona kuti chikoti chimatseka pakamwa pokha,
usiku mphasa imanyowabe.

Ine anandibweretsa ndi amayi, panjinga yobwereka,
chifunga cha Juni chitameza Chibavi yense.
Mawu anga anali atatha miyezi inayi osatuluka,
kuyambira tsiku lija lole ya matabwa
inagubuduzika pamtsetse wa ku Chikangawa
bambo ali pamwamba pa katundu.
Kumapemphero tinapitako.
Kwa sing'anga tinapitako, mphini zake ndi izi.

Sanandifunse kanthu.
Anandipatsa bokosi la nsapato, nalembapo Fiskani,
nati ili ndi lako, palibe wina adzatsekula.
Lachiwiri lililonse, belu la sukulu likalira,
ndinkaumba munthu wamtali wopanda pakamwa,
kumugoneka pakona pa mphasa
n'kumukwirira ndi zitsekerero mpaka asaoneke.
Kenako kumufukula.
Kenako kumukwiriranso.
Iwo phee, pensulo ili kukhutu,
mvula ikusinja malata.

Mvula inatha, inabweranso.
Tsiku lina ndinaponda munthu uja ndi chidendene.
Anayang'ana dongo lophwanyikalo, osati ine,
n'kunena chapansipansi:
Alipo amene anakwiyira munthuyu asananyamuke.
Mwina akuganiza kuti mkwiyo uli ndi manja,
kuti ungathe kukankha lole.

Pakhosi panga panatseguka ngati mpopi wa dzimbiri.
Ndinati: anandimenya chifukwa cha tochi.
Ndinati: ndinawauza kuti asabwerenso.
Sanandikumbatire, sanati usalire.
Anati, unanena, inde.
Ndipo mabuleki anaduka okha, sanakumve.
Tinakhala choncho mpaka mlonda anagogoda.

Za moyo wawo ndinadzazimva ndili wamkulu:
kuti kumisonkhano ya madokotala ankawapatsa mpando wakukhomo,
kuti lendi ya chipinda ankalipira pogulitsa khofi wa kumunda kwa mlongo wawo,
kuti nawonso anali mwana wosayankhula chaka chathunthu,
amayi awo atapita osatsanzika,
ndipo panalibe amene anakhala pansi.
Makope awo makumi atatu, theka linadyedwa ndi chiswe.
Otsalawo akuwerenga anamwino awiri ku Luwinga,
akukangana za tanthauzo la ng'ombe yopanda nyanga.

Lero ndimakhoma mipando ku Zolozolo.
Chaka chatha sitiroko inawalanda mawu.
Ndimapita Lachiwiri, ndikaweruka,
utuchi uli m'tsitsi, dongo la ku Lunyangwa m'jumbo.
Ndimakhala pansi.
Dzanja lawo lamanzere limaumba pang'onopang'ono
kanthu kamene sindinakazindikire,
mwina mbalame, mwina nsapato ya mayi.
Mdzukulu wawo amafunsa, akuti chiyani?
Ndimati sindikudziwa, tidikire,
ndipo ndimasunga kanthuko m'bokosi
kakadali konyowa.