Kabotolo Nambala 58

Lero akupuma pa ntchito Dokotala Nermin Akkoyun,
ndipo mkulu wa yunivesite wabwera ndi chiwerengero papepala:
dzina lawo, akuti, latchulidwa maulendo zikwi zinayi
m'zolemba za ofufuza anzawo,
ku Lima, ku Sapporo, kumene iwo sanapondeko n'komwe.
Tawomba m'manja. Tiyi wazizira m'timatambula.
Ine Fikret ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.
Ndine ndinkawatsukira mabotolo
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
ndipo nambala yomwe ndasunga ine ndi ina.

Chinali chaka chomwe denga la labotale linkadontha,
titatchera ndowa pakati pa mafiriji.
Kunabwera mayi wosoka makatani wa ku Karşıyaka,
dzina lake Sevgül,
gulugufe wofiira atamutera pamphuno,
phiko tsaya ili, phiko tsaya linalo.
Lupasi, anatero madokotala; m'chinenero chakale ndi mmbulu.
Mmbulu wanji wosalira usiku,
wongodya mwini khola mwakachetechete?
Katatu anapita padera.
Kachitatuko n'kuti atasoka kale kachipewa.
Mwendo wamanzere unali utatupa,
nsapato ataidula ndi lumo kuti phazi lilowe.

Ndinamutenga magazi, ndinalemba 58 pakabotolo.
Dokotala anagwira wotchi.
Tinadikira.
Magazi a ena onse anali atagwirana kale,
awa ankangozengereza
ngati mlendo wosafuna kutsanzika.
"Taona bodza lake, Fikret," anandinong'oneza.
"M'galasi akukana kuundana,
koma mumtsempha akumanga mfundo.
Asilikali a thupi aiwala nkhope ya mwini mudzi,
akutseka njira yopita kwa mwana."

Kenako zaka.
Mabotolo anafika mazana atatu,
firiji ina inafa usiku wa tchuthi
ndipo tinalira ngati pamaliro, ife anthu akuluakulu.
Pepala lawo linabwezedwa kawiri:
odwala achepa, mfundo sizikumveka.
Ankadya buledi wa chitowe ataimirira,
nyenyeswa zikugwera pamizere ya manambala,
amuna awo akuimba foni yosayankhidwa.

Sionse tinawapulumutsa.
Nambala 31 anagwa posamba, mfundo itafika m'mapapo.
Nambala 74 anasiya kubwera,
kalata yathu inabwerera yosatsegula.
Amenewo mkulu wa yunivesite sanawawerenge lero.

Pepala litatuluka ndinamufunafuna Sevgül m'menemo.
Ndinamupeza patsamba lachisanu,
kadontho kakuda pachithunzi,
kachitatu kuchokera kumanzere.
Dzina palibe. Kachipewa palibe.
Palibenso jakisoni wa m'mawa uliwonse
amene ankadzibaya yekha pamimba miyezi isanu ndi itatu,
khungu lonse mabala obiriwira,
kapiritsi ka asipirini pambali pa makina osokera.
Mwana anabadwa mu Epulo, wochepa ngati mphaka,
koma kulira kwake kunamveka mpaka kolandirira alendo.
Dokotala anatuluka panja, akuti kukasuta,
chonsecho fodya anali atasiya kalekale.

Tsopano kwinakwake wophunzira amene sindidzamuona
akulemba dzina lawo m'munsi mwa tsamba,
timalemba tating'ono ngati nyerere,
ndipo chiwerengero chikukwera ndi chimodzi
iwo ali m'tulo.
Sindikunyoza. Nyerere zimenezo zimanyamula mankhwala
kukafika kuzipatala kumene ife sitingafike.

Mwambo watha, maluwa awapatsa,
ine ndatsikira kudoko la Konak
kukakwera sitima yowoloka tsidya.
Pali mnyamata wamapewa otambalala amene amaponya chingwe.
Tayfun. Sandidziwa.
Ine ndimadziwa magazi a mayi ake
kuposa mmene ndimadziwira a mayi anga.
Sitima yagunda matayala a padoko,
iye walumpha, wakoka, wakulunga pachitsulo,
wamanga mfundo yake msangamsanga,
yolimba, pamalo pake,
n'kutikuwira kuti titsike bwino, pansi n'poterera.