Ndimawerenga Masilipasi

Folo koloko m'bandakucha
ndakoleza kale mbaula, khofi akuwira.
Kanyumba kanga kali pakhosi pa phiri.
Kumtunda kwake kulibenso denga,
koma thanthwe, chipale,
ndi mphepo yosafunsa dzina la munthu.

Lero adzuka asanu ndi anayi.
Zingwe pamapewa, nyali pachipumi,
mbedza zikulira m'chiuno
ngati mabelu a ng'ombe za kuchigwa.
Avula masilipasi anga, avala nsapato za mano achitsulo.

Gieri, ndevu zake zinayera kale,
akuti uno ndi ulendo wa makumi atatu ndi umodzi
ndipo nsongayo sinamuuzebe kanthu.
Nanga umabwereranji? ndamufunsa.
Wangoseka, n'kuponya tchizi m'chikwama.

Ladina ndi anzake abereka matabwa kumsana.
Adzakwera maola asanu, thukuta likuundana m'nsidze,
kuti atsetsereke mphindi khumi zokha,
fyuu! kulemba mzere wokhotakhota
pa chipale chosapondedwa,
ngati mwana wapeza khoma loyera ndi khala m'manja.

Ndimaima pakhomo kuwaperekeza ndi maso.
Nyali zisanu ndi zinayi zikukwawa mumdima,
kuchepa, kuchepa,
mpaka sindikuzisiyanitsanso ndi nyenyezi.

Kenako dzuwa limagunda nsonga lisanafike kwa wina aliyense.
Imayaka psuu, ngati chitsulo cha pamoto,
pamene midzi yonse kumunsi ikadali mtulo.
Apo ndiye ndimawamvetsa pang'ono.
Pang'ono chabe.

Masana ndimasenda mbatatesi,
khutu limodzi lili kuphiri.
Chigumukire sichigogoda.
Chimayamba ngati munthu akukoka tebulo m'chipinda chapamwamba.

Ndinachimva chaka chomwe Flurin, mlongo wanga,
anasiya supu wake theka, nati ndimuwotchere madzulo.
Agalu anakumba masiku atatu.
Helikopita inabwerera yopepuka.

Madzulo amatsika mmodzimmodzi,
milomo yong'aluka, maso odzaza kutali.
Gieri wamaliza kulowa, akutsimphina,
ati kumwambako kunali zii,
moti anamva magazi ake akuyenda.
Aliyense atola masilipasi ake pashelefu.
Ndiwerenga otsala.

Atsala awiri, a phazi lalikulu, obiriwira.
Ndimawapukuta fumbi Lamlungu lililonse.
Kunja, phiri lavala mwezi,
ndipo foni ikulira kale:
mawa akubwera khumi ndi awiri.