Zimene Zelipa Amawerenga Padzuwa

Ine ndimakonza mawailesi ku Kapata,
pakati pa wogulitsa malegeni ndi mayi wa kapenta.
Maginito ndinawadziwa kalekale:
ukamasula sipika, misomali yonse ya patebulo imathamangirako
ngati ana amva bango litagwa padenga la malata,
kapena bango ayi, ndimati mango.
Pakamwa panga pakalamba, zala zokha ndizo sizinama.

Mwana wa mlongo wanga, Zelipa,
anabwera kutchuthi ndi kompyuta yong'aluka pangodya.
Malume, anatero, dzuwa nalonso ndi sipika yaikulu.
Ndinaseka mpaka chitsulo chowotcherera chinanditentha chala.

Anandionetsa chithunzi chochokera ku setilaiti.
Dzuwa lomwe lija timalitukwana mu Okutobala
lili ndi mawanga akuda, awiriawiri,
lina kokera kuno, linzake kokera uko,
pakati pawo zingwe zosaoneka ndi maso.
Mpweya woyaka, akuti pulazima,
umatsata zingwezo nkuziulula,
monga fumbi la ku Mchini limaulula njira ya kamvuluvulu.

Ntchito yake nkuwerenga kupotoka.
Taonani wa njinga uyo, anandilozera,
akumanga matumba atatu a makala.
Akukoka legeni, akupota, akukokanso.
Mphindi imene liduke simuidziwa,
koma mukuliona likuonda, likutuwa,
mukulimva likulira,
ndipo mumasuntha mwana.

Lachiwiri anati banga lina,
la nambala yaitali ngati ya chitupa,
latupa usiku umodzi wokha,
zingwe zake zapiringizana, pulazima ikuthwanima m'mbali.
Pa magawo khumi, asanu ndi awiri akuti liphulika
lisanafike Lachinayi.

Lachinayi linabwera, linapita.
Zii.
Anyamata a pamsika anamutcha sing'anga wa dzuwa.
Iye anangolemba m'kope lake: ndaphonya,
nayikapo tsiku ndi ola, wopanda manyazi,
ngati munthu wolemba ngongole imene adzabweza.

Loweruka masana wailesi ya a Daka,
imene ndinali nditangoikonza,
ikukoka siteshoni yakutali kutsidya kwa nyanja zamchere,
inangoti tswii, nkusanduka mvula yokhayokha.
Ndinatenga sikulu diraiva, ndikudzitukwana.
Zelipa anandigwira dzanja, maso ali pafoni.
Musatsegule, Malume, simunalakwe ndinu.
Laduka mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo.
Uku nkuwala chabe.
Mtambo wake uli m'njira, mawa kapena mkuja,
ngati unaloza kuno.

Usiku umenewo malaiti anazima monga mwa masiku onse,
ndipo ndinakumbukira Yotamu, mng'ono wanga.
Zaka khumi ndi chimodzi ankangoti zili bwino.
Analeka kuimba mluzu pokonza njinga.
Ankadya atayang'ana kukhoma.
Nkhani ya malire a munda wa ku Chiparamba ikatchulidwa
mtsempha wa pakhosi pake unkavina.
Tsiku lija anaphulika pamaliro a atate,
mpando m'mwamba, mawu osabwezeka,
tonse tinati zangochitika mwadzidzidzi.

Bodza.
Mawanga analipo.
Panalibe wa kope.

Zelipa anakwera basi ya mbandakucha,
phiri la Kanjala lisanayere.
Anandisiyira katoni yoboola ndi singano
ndi lamulo limodzi: osaliyang'ana kumaso.
Masana ndimaikweza, kadzuwa nkugwa pasimenti,
kochepa kuposa batani la malaya,
kosalala, kofatsa, ngati sikadziwa kanthu.
Mawanga sindiwaona, maso anga ndi katoni sizikwanira.

Koma dzulo ndinafufuza m'foni
mpaka ndinapeza nambala ya Yotamu.
Inaitana kanayi.
Kachisanu ndinamva kupuma kwa munthu,
ndi tambala wa kwathu kumbuyo kwake.