Makumi Atatu Kusanache

Dhondiba Salunkhe ndine,
wa ndodo ya nsungwi yovekedwa chitsulo kunsonga.
Mzinda wa Mumbai ukamazimitsa nyali
ine ndimavala nsapato za mphira,
tochi kumanzere, saka m'chiuno,
n'kulowa m'tinjira ta kuseri kwa msika
momwe munthu wonenepa amadutsa chammbali.

Kapitawo wa khonsolo amafuna makumi atatu.
Pakaperewera mmodzi, usikuwo sulembedwa.
M'mawa amawerenga michira ndi nsonga ya bolopeni,
mphuno ataphimba ndi mpango.

Usathamangitse khoswe:
iye ali ndi njira zana, iwe imodzi.
Ima. Puma ngati khoma.
Muwalitse m'maso mwadzidzidzi,
amauma kamphindi, ndevu zili njenjenje,
kamphindi kameneko ndiye malipiro anga.
Kamodzi, pakhosi. Ukabwereza wamuzunza.

Bambo Qureshi ophika buledi anandiitana usiku wina:
"Salunkhe, andithera matumba awiri a ufa!"
Anali atatchera chilichonse,
misampha ya waya ya nyambo ya nsomba youma,
timatabwa ta ulimbo pomwe kambewa kamalira mpaka kucha,
poizoni pansi pa uvuni
pomwe mdzukulu wawo amakwawa.
Mphaka, wonona ngati mwini sitolo,
ali chigonere pasikelo.

Ndinati chotsani kaye poizoniyo.
Wodya poizoni amakafera m'khoma,
mudzagulitsa buledi wonunkha maliro sabata zitatu.
Nayo ndodo yangayi muno ndi yachabe,
khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinagwada, ndinatsata timanyi takuda ngati mpunga wopserera
ndi mzere wa litsiro pomwe mimba zawo zimakhula khoma
mpaka pa paipi ya sinki.
Bowo longolowa chala chachikulu.
"Lomweli?"
Lomweli. Pomwe mutu wadutsa, thupi silikana.
Tinaphwanya mabotolo atatu,
magalasi kusakaniza ndi simenti, kumata;
sefa ya waya pakamwa pa ngalande;
ufa pathandala, zikhatho ziwiri kutalikira khoma;
bini tinaigulira chivindikiro.
Anandininkha mabanzi otentha asanu.
Chiyambire, kanjira kawo kamandipatsa awiri basi usiku wonse.
Ndinadzichepetsera ndekha munda.

Koma inu a m'nyumba zosanja,
mumaponya mpunga wotsala pawindo la nsanjika yachisanu,
m'mawa foni kukhonsolo, ati sitikugwira ntchito.
Owaphikira ndinu.
Ine ndimangofika pa maliro.

Mvula ikagwa, madzi a m'ngalande amafika m'mawondo.
Mnzanga Kisan anali ndi kabala pachidendene
ndi nsapato yobooka.
Thupi kutentha, maso achikasu, masiku asanu ndi anayi.
Ndodo yake ikadali kuseri kwa chitseko cha ofesi,
palibe wayerekeza kuinyamula.

Kunyumba ndimasamba kawiri ndi sopo wofiira
ndisanakhudze mwana.
Pakashelefu Ganesha wa mutu wa njovu wakhala phee,
pamapazi pake kambewa kake ka mkuwa
katafumbata chakudya m'timanja tiwiri.
Sulabha, mkazi wanga, amakapukuta m'mawa uliwonse,
n'kukaikira duwa.

Dzana mwana anafunsa:
"Baba, aka ndi kachibale ka aja a m'saka?"
Ndinati aka kamadya zomwe kapatsidwa.
Iye: "Nanga aja, si munati anthu amawaponyera?"

Ndinamwa tiyi wanga osayankha.
Padenga la malata china chinathamanga,
chopepuka, chodziwa njira yake.
Ndodo ndinaisiya pomwe inatsamira.
Makumi atatu anali atakwana kale.