Malaya a ku Rosettenville

Pafunika amuna awiri kundiveka.
Lwazi akoka mkono uwu, Nyadani uwo,
nsalu yolimba ngati tenti ya lole
ikundiluma m'khwapa.
Manja anga atsogola okha
ngati wopempha chenji pa loboti.

Ndagona pa benchi.
Chitsulo chikukana kutsika,
ndichita kuchikokera pachifuwa,
kenaka nyamu! chabwerera kumwamba
ndi makilo makumi atatu
amene Lachiwiri anandikanika.

Anzanga akuwomba m'manja.
Ndavula, mikwingwirima ili psuu,
malaya aja akhwinyata pakona,
sangadzutse ngakhale botolo la madzi.

Usiku, pa geti la bwana ku Sandton,
ndikuwerengabe ndi zala zozizira:
anga ndi angati,
a malaya ndi angati?
Pa foni, kumudzi,
ndingotchula onse pamodzi.