Dongo la ku Nasiriya

Lero sindinatsegule buku.
Ndinabwera ndi ndowa ya dongo
lomwe ndinakumba m'mbali mwa Firate mbandakucha,
ndi mabango osongola ndi mpeni wa kukhitchini.

"Ana inu, makolo athu kuno
asanalembe za milungu ndi mafumu
anayamba ndi kulemba ngongole:
nkhosa zingati, balere madengu angati,
ndani sanabweze."
Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Karrar anadinda bango lake mwaphuma,
akuti akulemba zigoli za timu yake.
Rusul anangoti duu, mutu uli pansi,
kudinda timizere mmodzimmodzi
ngati akuwerenga mikanda.

Ndinawerama. "Walemba chiyani?"
"Njati zoweta za bambo.
Zisanu ndi ziwirizi ndi za chaka chatha.
Ziwirizi ndi zomwe zatsala
chiyambireni madzi kuwawa mchere."

Pabolodi ndinali nditalemba kale kuti
mitsinje imabala mizinda.
Choko chinali chikadali m'manja
koma chiganizo chachiwiri chinakana kubwera.

Belu linalira.
Tinayanika timapale tathu pawindo,
padzuwa lomwe lija linaumitsa njerwa za ku Uri,
ulendo wa theka la ola pabasi kuchokera pano.
Ka Rusul kanang'aluka pakona.
Anakanyamulabe, atakakulunga mumpango,
akuti bambo ake sanapiteko kusukulu,
chilembo ndi chimodzi chomwe sachidziwa,
koma izi zokha,
izi akawerenga.